TAIF, MZINDA WA MALUWA PAMWAMBA PA MAKKAH

Abale athu akabwerako ku Hajj kapena ku Umrah amatisimbira za Makkah ndi Madinah. Ndi ochepa amene amatchula Taif, chonsecho mzindawu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 okha kuchokera ku Makkah. Tiyeni tikwere phiri tikauone, pakuti uli ndi phunziro pa funso limene limavutitsa mabanja ambiri: kodi maluwa malo ake ndi pati m'moyo wa Msilamu?

Msewu wa Al-Hada wopita ku Taif umakhotakhota ngati wokwera phiri la Zomba, ndipo m'mbali mwake mumakhala anyani odikira kuponyeredwa chakudya. Ukafika pamwamba, kutentha kwa ku Makkah kumatsala m'munsi. Taif ili pa mamita pafupifupi 1,800 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Dedza. Kumeneko kumalimidwa mphesa, nkhuyu ndi makangaza, koma chimene chinatchukitsa mzindawu ndi duwa la rozi lofiirira, limene Aluya amalitcha ward.

Minda yake ili m'mapiri a Al-Hada ndi Al-Shafa, ndipo nyengo yokolola ndi yaifupi, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Alimi amalawirira m'bandakucha kukathyola ndi manja, chifukwa dzuwa likatentha fungo limathawa. Maluwawo amawathira m'miphika ikuluikulu yamkuwa pamodzi ndi madzi n'kuwawiritsa kwa maola ambiri. Nthunzi imadutsa mu mpope wozizira n'kudonthera m'botolo. Mafuta amayandama pamwamba, madzi onunkhira n'kutsala pansi. Kuti apeze muyeso umodzi wa mafuta wotchedwa tola, umene ndi magalamu pafupifupi 12, pamafunika maluwa oposa 10,000.

Anthu a ku Taif maluwawa ali nawo m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Madzi a rozi amathira mu tiyi ndi m'zakudya zotsekemera. Mlendo amamulandira pomuwaza madziwo kapena kumuponyera maluwa, ndipo nthawi yokolola amaluka nkhata zovala kumutu ndi m'khosi. M'chaka cha 2024 bungwe la UNESCO linalemba miyambo imeneyi pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse.

Ulemu waukulu wa duwali uli ku Makkah. Chaka ndi chaka a banja la Bani Shaiba, amene amasunga kiyi wa Kaaba, amatsegula chitseko kuti m'kati mutsukidwe. Amatsuka ndi madzi a Zamzam osakaniza ndi madzi a rozi, kenako makoma amawapaka mafuta a rozi ndi udi. Taonani apa: m'nyumba ya Allah simuikidwa mitsuko ya maluwa, chimene chimalowamo ndi ukhondo ndi fungo labwino. Mtumiki Muhammad (SAW) ankakonda zonunkhira ndipo anatilimbikitsa kudzola popita ku Swala ya Ijumaa. Komabe chilichonse chili ndi malire. Wotsika kuchokera ku Taif kukachita Umrah amaima pa Miqat ya Qarnul Manazil. Akhoza kudzola m'thupi asanalowe mu Ihram, koma akangolowa, kabotolo kake kamatsekedwa mpaka atamaliza.

Mzinda wonunkhirawu unamuchitira Mtumiki (SAW) zowawa. M'chaka cha 10 cha utumiki wake, mayi Khadija (RA) ndi Abu Talib atamwalira, iye anakwera mapiri omwewa ndi Zaid bin Haritha (RA) kukaitanira mtundu wa Thaqif ku Chisilamu. Anamugenda mpaka mapazi anakha magazi. Anakapumira m'munda wa mphesa, mmene kapolo wachikhristu dzina lake Addas, wochokera ku Nineve kwawo kwa Mneneri Yunus (AS), anamupatsa mphesa. Mngelo wa mapiri atapempha chilolezo choti aphwanye okanirawo, Mtumiki (SAW) anakana, poyembekezera kuti mwa ana awo mudzatuluka opembedza Allah yekha. A Thaqif analowa Chisilamu m'chaka cha 9 cha Hijra, ndipo lero mapiri amene munatoledwa miyala ija ndiwo akutumiza fungo ku Kaaba.

Pakati pa mzinda pali mzikiti wa Abdullah bin Abbas (RA), msuweni wa Mtumiki (SAW), amene anamwalirira ku Taif m'chaka cha 68 cha Hijra. Ngakhale maluwa ali mbwee, manda a kumeneko alibe nkhata. Ibn Abbas yemweyu ndiye anatisimbira kuti Mtumiki (SAW) anadutsa pa manda awiri amene eni ake ankalangidwa, wina chifukwa cha kusadzisamala ku mkodzo, wina chifukwa cha miseche. Anang'amba pakati nthambi yaiwisi ya tende n'kuzika chidutswa pa manda aliwonse, poyembekezera kuti chilango chipepuka kufikira nthambizo zitauma. Ma Ulama ena amati potengera izi n'kololedwa kuzika chomera chachiwisi pa manda. Ena amati zinali za Mtumiki (SAW) yekha, pakuti ndiye anadziwitsidwa zimene zinkachitika m'mandamo. Tisanyozane pa kusiyana kumeneku. Koma mbali zonse ziwiri zikukamba za chifundo kwa womwalira, osati zokongoletsa. Nkhata ya pulasitiki siinayambe yakhalapo yaiwisi.

Kuno kwathu timakhala ndi achibale a zipembedzo zina, ndipo pamaliro ena amabwera ndi nkhata chifukwa cha chikondi. Tiwalandire mwaulemu, tiwafotokozere modekha. Koma ife eni tisalowe m'ngongole pogula nkhata poopa kuti anthu atinena. Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti munthu akafa zimamutsata zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro othandiza anthu, ndi mwana wabwino womuchitira duwa. Ndalama ya nkhata ikhoza kugula Juzu ya mwana wa ku madrasa, kukonzetsa mjigo wa pamzikiti, kapena mbande ya mango imene idzadyetsa odutsa.

Bzalani maluwa pakhomo, abale ndi alongo anga. Kongoletsani pa nikah, patsani akunyumba kwanu akadali moyo kuti anunkhize. Amene anatsogola akudikira duwa yanu. Allah awakhululukire, awakulitsire manda awo, ndipo atipatse mwayi wokaona nyumba Yake. Ameen.