Kwa mlongo wanga, usanakwere Kilimanjaro

Mlongo wanga,

Kuno ku Wovwe tili bwino, mpunga wa kusikimu wayamba kucha. Ndamva kuti wagula mapiritsi a dexamethasone a pa ulendo wako wa ku Kilimanjaro, ati phiri lisakugonjetse. Undimvere kaye.

Umanyadira kuti Nyika unaiyenda mpaka pa Nganda osamva kanthu. Komatu Nganda ndi mamita pafupifupi 2,600, pomwe matenda a kumtunda amangoyambira. Kilimanjaro ndi mamita 5,895, ndipo pansonga pake ukakoka mpweya umapeza pafupifupi theka la okosijeni amene timapuma kuno kunyanja. Matendawa akakugwira mutu umawawa, mseru, tulo osabwera. Zikafika poipa ubongo umatupa, munthu n'kumayenda dzandidzandi ngati woledzera, kuyankhula zosamveka.

Mankhwalawo amachepetsadi kutupako, ndipo apulumutsa anthu. Koma sazoloweretsa thupi kumtunda, amangophimba zizindikiro. Chondisowetsa mtendere ndi zomwe amachita m'mutu. Ena akamwa amasangalala mopyola muyezo, kudzimva amphamvu, kulongolola usiku wonse osagona. Ena amapsa mtima ndi zachabechabe, ena amagwidwa ndi mantha. Ukukumbukira amalume atapatsidwa prednisolone wa mphumu yawo, yemwe ndi wa gulu lomwelo? Ankadzuka pakati pa usiku n'kutenga khasu, azakhali akawaletsa n'kuwakalipira, iwo aja ofatsa aja. Tangoganiza zoterozo pamwamba pa phiri, ubongo ukusowa kale mpweya. Iwe uzidzati uli bwinobwino, tiyeni tipitirire, miyendo ikupotana. Ukadzasiya kumwa ukhozanso kukhumudwa popanda chifukwa, ndipo ngati udakali kumtunda matenda aja akhoza kubwerera.

Usananyamuke ukaonane ndi dokotala. Umufunse za acetazolamide, amene okwera mapiri amamutcha Diamox, chifukwa ameneyo amathandiza thupi kuzolowera. Umuuzenso kuti kwathu kuli matenda a shuga, poti dexamethasone amakweza shuga m'magazi. Ndipo kwera pang'onopang'ono, ngakhale ziwonjezere tsiku ndi ndalama.

Ngati udzamwe dexamethasone, uwauze okutsogolerani ndi mnzako wogona naye mutenti zomwe wamwa ndi nthawi yake. Akadzakuuza kuti wasintha, uwakhulupirire iwowo, usatsutse. Akadzakuyendetsa pamzere, chidendene kugunda chala, iwe n'kumapepesuka, utsike nthawi yomweyo ngakhale uli usiku. Chonde mlongo wanga, pamenepa usadzachite makani.

Undiimbire ukafika ku Moshi. Amayi akupereka moni.

Ndine mlongo wako,
ku Wovwe