Masitepe Awiri a Kalavani ya Amalume

Amalume atabwerako ku Johannesburg, komwe anagwira ntchito m'magalaja zaka 19, sanabwere ndi mafiriji ndi masofa ngati anzawo. Iwo anabwera akukoka kalavani. Anaigula kwa bwana wawo wakale, yotheratu penti koma yolimba, n'kudutsa nayo pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa mlatho wa ku Tete mpaka kulowa pa Mwanza. Kwathu ku Chilomoni ana a m'dera anaizungulira sabata yathunthu. M'kati muli bedi, kasinki, makabati ndi batire la mavoti 12 loyatsira magetsi. Pakhomo pake pali masitepe awiri achitsulo, akuda bii, oti ukaima umawasolola pansi pa kalavaniyo, ponyamuka n'kuwabwezera. Masitepe amenewo palibe anawayang'anapo kawiri.

Ulendo woyamba unali wa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Amalume anati chaka chimenecho chitenje sagula, mphatso ya mayi awo ikhala nyanja. Ndiye tinanyamuka kupita ku Cape Maclear: amalume, amayi, ine, azisuweni awiri ndi agogo, omwe anali ndi zaka 74. Tinagwirizana kuti agogo ndi amayi azigona m'kalavani, enafe m'tenti pambali pake.

Usiku woyamba kunalibe mwezi. Chowala chokha chinali nyali za asodzi a usipa, kutali pamadzi. Cha m'ma 2 koloko ndinadzidzimuka ndi phokoso la chitsulo, kenako "Mayo ine!" Nditatuluka ndinapeza agogo ali chagada pamchenga, agwira mwendo. Amafuna kupita kuchimbudzi osadzutsa munthu. Anayatsa getsi la m'kati, anatsegula chitseko, anaponda sitepe yoyamba, n'kuganiza kuti afika pansi. Yachiwiriyo sanaione.

M'mawa kuchipatala anati fupa silinathyoke, angobinya kakolo. Tonse tinapumira m'mwamba. Agogo, amene amanditchula kuti amuna awo kuyambira ndili wakhanda, anangoseka. "Amuna anga, nyumba ya matayalayi yandikana."

Ine ndi nzeru zanga za pafoni ndinawafunsa kuti, "Koma agogo, bwanji simunatenge tochi?"

Anandiyang'ana kaye. "Dzanja ili linagwira chitseko, ili linagwira chitenje. Tochiyo ndikanaigwira ndi mano?"

Ndinalibe poyankha. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika madzulo ake. Mukudziwa mmene Okutobala amatenthera kunyanja. Dzuwa litangopendeka agogo anakana tiyi, munthu woti tiyi sakana ngakhale pamaliro. Madzi anakananso. Amayi atawapanikiza, ananena motsitsa mawu kuti, "Ndikamwa ndidzuka usiku. Ndikadzuka ndivutitsa anthu." Masiku awiri otsalawo anagona ndi ludzu, nyanja yonse ili pamphuno, chifukwa cha zitsulo ziwiri zakuda.

Usiku umenewo ndinachita zimene ndikanayenera kuchita poyamba. Ndinakhala m'kalavani getsi lili chiyakire, foni ndinaisiya pabedi, kenako ndinatsegula chitseko n'kuyang'ana pansi. Aise, kunalibe sitepe. Kunali dzenje lakuda basi. Getsi linali kumbuyo kwanga, choncho chithunzithunzi cha thupi langa lomwe chinagwera pamasitepe penipeni. Ineyo ndinali ndi zaka 25 ndipo sindinavalepo magalasi. Masiku onsewo ndimatsika bwinobwino chifukwa foni inali m'manja, ndipo mwendo ukaphonya ndimangodumpha.

Diso la munthu likachoka powala silizolowera mdima nthawi yomweyo. Kuti lizolowere bwinobwino pamapita mphindi 20 mpaka 30, pomwe wopita kuchimbudzi usiku alibe ngakhale mphindi imodzi yodikira. Munthu akamakula zimavuta kuposa apo. Kamwanadiso kamachepa ndipo kagalasi ka m'diso kamayamba chifunga, moti diso la munthu wa zaka 60 limalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala komwe diso la wazaka 20 limalandira. Agogo analinso ndi ng'ala yoyamba kumene kumanzere. Chimene kwa ine chinali mdima wapang'ono, kwa iwo chinali phompho.

Amalume anayesa njira yachidule. Anapachika nyali yaikulu ya sola pamwamba pa chitseko. Kunawala ndithu, koma pasanathe theka la ola pakhomo panadzaza tizilombo touluka, tina n'kumalowa m'kati. Choipa china, nyaliyo imathobwa m'maso ukamabwerera, ndipo potsika mutu ndi mapewa ako zimaphimbabe kuwalako. Tinaphunzira kuti kuwala kwambiri sikuthandiza ngati kuli pamalo olakwika. Chofunika n'chakuti phazi lidziwe pothera sitepe.

Titabwerera ku Blantyre, Loweruka lina tinaiyamba ntchito, amalume ndi zida zawo, ine wotumidwa.

Choyamba chinali penti. Tinakwecha dzimbiri ndi sandipepa, n'kupaka mzere woyera m'mphepete mwa sitepe iliyonse, mulifupi mwake masentimita 5. Tinasankha penti yosanyezimira kuti isamathobwe. Isanaume tinawaza mchenga wosefa, kenako tinapakanso kachiwiri. Kunyanja anthu amakwera mapazi ali onyowa, ndipo chitsulo chonyowa chimaterera ngati therere, ndiye mchengawo umagwira phazi. Pa zonse tinachita tsiku limenelo, iyi inali yotsika mtengo kuposa zonse, komanso sidalira batire kapena dzuwa.

Kenako tinamata tepi yonyezimira, ija mumaiona kumbuyo kwa malole, kumaso kwa masitepe. Apa ndinaphunzira chinthu. Tepi imeneyi siwala yokha. Imabweza kuwala kulunjika komwe kwachokera, n'chifukwa chake dalaivala amaiona bwino magetsi a galimoto yake akaiwomba. Ndiye kuti ukamachokera kuchimbudzi tochi ili m'manja, masitepe umawaonera patali. Koma wotuluka m'kati opanda tochi, ngati agogo usiku uja, siimuthandiza kalikonse.

Msuweni wanga anabweretsa tepi ina yobiriwira, yomwe imamwa kuwala masana n'kumayaka yokha mumdima. Madzulo inaoneka bwino mpaka tinaijambula. Koma imazilala pang'onopang'ono, ndipo pofika pakati pausiku imangotsala mbuu, yoti diso lochokera powala siliiona. Komanso mukayenda tsiku lonse masitepe ali obwezedwa pansi pa kalavani, imafika usiku isanalawe dzuwa. Tinaisiya pomwepo ngati yothandizira chabe.

Chimene chinasinthadi zinthu ndi kachingwe ka magetsi a LED, kotalika theka la mita, kosalowa madzi. Amalume anakamata pansi pa chiwundo cha chitseko, koyang'ana pansi, kuti kuwala kugwere pamasitepe osati m'maso. Tinasankha kowala chikasu, chifukwa tizilombo timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera kopita kubuluu. Anakalumikiza ku batire la kalavani kudzera pa fyuzi, ndipo apa anandichenjeza kuti waya wopanda fyuzi akakhudzana ndi chitsulo ukhoza kuotcha kalavani yonse anthu ali m'tulo. Swichi tinaiika m'kati pafupi ndi chitseko, m'munsi moti munthu wamfupi aifikire osafufuza. Kachingwe kotere kamadya mawati awiri kapena atatu basi, choncho kakhoza kuyaka usiku wonse batire osadandaula. Pomaliza tinaitana wowotcherera kuti aike chogwirira chachitsulo pambali pa chitseko.

Ife tinaona ngati tamaliza. Koma amalume anati woyesa ntchitoyi akhale mwini ngozi. Agogo anali adakali kwathu kudikira mwendo upole, ndiye kutada tinazimitsa magetsi a panja n'kuwakweza m'kalavani. Anaima pakhomo, anagwira chogwirira chija, anayang'ana pansi kwa kanthawi.

"Yoyambayi ndikuiona. Nanga inzake mwaibisa kuti?"

Tinawerama. Zoonadi, sitepe yam'mwamba imatchinga kuwala, yam'munsi n'kukhala mumthunzi. Yomweyo imene inawagwetsa. Anthu anayi a maso abwino tinakhala pamenepo tsiku lonse osazindikira. Mawa lake amalume anawonjezera kachingwe kena pansi pa sitepe yoyamba, n'kusiya waya wolekerera pang'ono kuti asamaduke masitepe akamasololedwa ndi kubwezedwa.

Mwina mukuti nkhani ya kalavani ikukukhudzani bwanji, poti ambirife tilibe ngakhale njinga yamoto. Nanenso ndimaona ngati ndi nkhani ya kunyanja yokha, mpaka tsiku limene tinaperekeza agogo kwawo ku Thyolo. Khonde lawo lili ndi masitepe atatu, onse opakidwa polishi wofiira, mtundu umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Magetsi akazima, pothera sitepe ina ndi poyambira inzake sipadziwika. Chimbudzi chili kuseri kwa nyumba. Ndinawafunsa ngati kunyumbanso amakana madzi madzulo. Sanayankhe, anangoyamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chakugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Ife tinachita mwayi kuti pansi panali mchenga. Pakhonde la ku Thyolo pansi pake ndi simenti, ndipo munthu wachikulire akathyoka m'chiuno nthawi zambiri sayendanso ngati kale. Penti yotsala ku kalavani ija ndinaitsiriza pamasitepe atatu amenewo, n'kuika kanyali ka sola koyaka kokha munthu akamadutsa, m'munsi pafupi ndi maondo. Azakhali anadandaula kuti mizere yoyera yaipitsa khonde. Agogo anawauza kuti khondelo ndi lawo.

Ngati kwanu kuli munthu wachikulire, yesani usiku uno. Khalani m'chipinda chowala, siyani foni patebulo, tulukani njira imene iwo amadzera popita kuchimbudzi. Pamene phazi lanu lazengereza, iwo pamenepo amakhala akungoganizira. Ndipo mukakonza, aitaneni ayese okha, chifukwa maso anu si amene akufunika kukhutira.

Chaka chotsatira pa Anakubala tinapita ku Senga Bay ndi kalavani yomweyo. Titadya chambo madzulo, amayi anateleka tiyi. Ine ndimangowayang'ana agogo mwakabisira. Anamwa kapu yoyamba mpaka pansi, anayang'ana kumasitepe komwe kumawala chikasu, n'kundipatsa kapuyo.

"Amuna anga, thiraninso. Shuga musaumire."