Timiyala ta m'chitini

Pamudzi wina kufupi ndi Ulongwe, m'boma la Angónia, pali mayi amene amasunga chitini chakale cha mkaka pamwamba pa khoma la nyumba yake. Alendo akachiwona amayesa kuti muli ndalama kapena mankhwala. Muli timiyala basi, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Mayiyu ali ndi mwana wamwamuna wa zaka 5. Chiyambire ali ndi zaka 3, mwanayu anali wovuta kwabasi. Akamukaniza kanthu ankadzigwetsa pansi, kumenyetsa mutu pakhoma ndi kuluma aliyense womugwira. Tsiku lina anagenda mwana wa nyumba yoyandikana nayo pachipumi, magazi chuchuchu, ndipo mlandu unakathera kwa anyakwawa kumene mayiyu analipira nkhuku. Kuyambira pamenepo amayi anzake kumjigo ankati akamuwona akubwera, aliyense n'kukokera mwana wake pafupi. Bambo wa mwanayu ali ku Joni, amangotumiza ndalama mwa apo ndi apo, choncho manyazi onse ankagwera mayi yekha.

Kukwapula anakwapula mpaka mkono kutopa. Apongozi ake ankati, "Mwanayu mwamulekerera ndinu, ife ana athu anakula ndi mkwapulo." Ena ankanong'ona kuti mwana anachita kulodzedwa. Mayiyu usiku ankalira yekha, poti anayamba kuwona kuti mtima wake ukuda mwana amene anabala yekha.

Tsiku lina atapita kusikelo ndi khanda lake, anadandaulira namwino. Namwinoyo anayamba wafunsa ngati mwanayu anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, ngati amagwa khunyu, ndiponso ngati amamva bwino akaitanidwa. Mafunsowa ali ndi chifukwa chake. Madokotala a ku Blantyre anafalitsa mu 2010 zimene anapeza, zoti ena mwa ana opulumuka ku malungo ogwira ubongo amatsala ndi khunyu kapena khalidwe lovuta. Mwana wosamva bwino m'makutu nayenso amaoneka ngati wamwano. Atamuyeza n'kupeza kuti zonsezi palibe, namwino analemba malangizo ochepa papepala m'Chipwitikizi. Anamuuza mosabisa kuti akatswiri a maganizo a ana ndi ochepa ndipo ali kutali, choncho ntchitoyi aigwira yekha kunyumba. Mwana wake wamkulu, wa kusekondale, ndiye ankamuwerengera pepalalo m'chinenero chathu madzulo aliwonse.

Malangizo otere sanachokere m'mutu mwa namwino. Katswiri wina wa ku Oregon, ku America, dzina lake Gerald Patterson, analongosola m'buku lake la 1982 mmene kholo ndi mwana amaphunzitsirana nkhanza osadziwa. Mwana apempha kanthu, kholo likana, mwana akuwa, kholo likalipa, mwana akuwitsitsa, pomaliza kholo litopa n'kumupatsa. Mwana waphunzira kuti kukuwa kumapindula, ndipo mawa adzayambira pamene analekezera. Ku Australia, Matthew Sanders wa ku yunivesite ya Queensland anakonza maphunziro a makolo otchedwa Triple P, ndipo mbali ina ya maphunzirowa ndi buku loti kholo lizitsatira lokha kwa masabata 10. Anawayesa pa mabanja a kumidzi yakutali ndi zipatala, ndipo zinaoneka kuti amathandiza, makamaka kholo likakhala ndi wina womalifunsa mlungu uliwonse mmene zikuyendera.

Choyamba papepala paja chinali kuwerenga. Mwana akachita chipolowe, mayi aziponya kamwala m'chitini, madzulo awerenge n'kutaya. Tsiku loyamba anapeza timiyala 11. Anazindikiranso chinthu chimene anali asanachiwone, chakuti timiyala tambiri tinkalowa cha kummawa pamene iye akuthamangira kudimba la mbatatesi mwana asanadye kanthu, ndi madzulo pamene akuyamwitsa khanda.

Chachiwiri ndicho chinamuvuta koposa. Tsiku ndi tsiku azikhala pansi ndi mwanayo kwa mphindi 10, kusewera chimene mwana wasankha, osalamula, osadzudzula. Mayi wamkulu kukhala pafumbi n'kumaumba ng'ombe zadothi! Apongozi anaseka mpaka misozi. "Kodi amake mwana, mutu ukuyenda bwino?" Iye anangoti, "Amayi, zina zonse ndayesa, ndiloleni ndiyesenso izi."

Chachitatu chinali kuyamikira. Mwana wovuta amamva dzina lake pokhapokha akalakwa, ndipo akakhala phee palibe womuyang'ana. Mayiyu anayamba kusakasaka tabwino ting'onoting'ono n'kutitchula nthawi yomweyo: "Wachita bwino kubweretsa chikho nditakutuma." Mawu oti "wachita bwino" okha sakwanira, mwana ayenera kumva chimene wachitacho.

Chachinayi, polamula asamakuwe ali kukhitchini. Azifika pafupi, kugwada kuti maso akumane, kunena chinthu chimodzi chokha, n'kudikira pang'ono. M'malo moti "usachite zopusa" azinena kuti "ika mpeniwo pansi".

Chachisanu, mwana akadzigwetsa pofuna chimene wakanizidwa, mayi aonetsetse kuti palibe moto kapena mpeni pafupi, kenaka apitirize ntchito yake osamuyankha. Koma akamenya kapena kuluma munthu, amutenge mosakalipa n'kumukhazika pamphasa pakhonde kwa mphindi zochepa, pamalo owonekera, osati kumutsekera m'nyumba yamdima. Akadekha nkhani yatha, osaibwerezanso.

Awerengi amene mukufuna kuyesa izi, imvani bwino apa. Sabata yoyamba zinthu zinaipiraipira. Timiyala tinafika 15. Mwana anawona kuti kukuwa kwasiya kupindula, ndiye anawonjezera mphamvu, monga mmene munthu amakankhira chitseko chimene dzulo chinkatseguka mosavuta. Pamenepa ndi pamene makolo ambiri amagonjera, ndipo akagonja mwana amaphunzira kuti ayenera kukuwa kwambiri kuposa kale. Tsiku lachisanu mayiyu analephera kupirira, anathyola kamtengo n'kumukwapula. Usiku umenewo anafuna kuponya pepala lija pamoto. Mwana wake wamkulu ndiye anati, "Amayi, tsiku limodzi lisawononge onse, mawa tiyambirenso."

Anayambiranso. Pofika sabata yachinayi timiyala tinatsika kufika 6, ndipo mwezi wachiwiri ukutha masiku ena munkalowa 2 kapena 3. Chimene chinasintha nkhani pamudzipo n'chakuti tsiku lina apongozi aja anawona mdzukulu wawo akunyamula mtolo waung'ono wa nkhuni popanda womutuma. Anayang'ana uku ndi uku ngati akuopa kuwonedwa, kenaka anati, "Wachita bwino kunditolera nkhuni, mwamuna wanga." Mwana anamwetulira n'kuthamanga kukatola zina. Kuyambira tsikulo agogo ndi mayi anayamba kulankhula chimodzi, ndipo mwana anasowa kothawira akakanizidwa ndi mmodzi.

Mwanayu sanasanduke mngelo. Mwezi wathawu analuma msuweni wake polimbirana chimanga chootcha. Koma amayi kumjigo anasiya kukoka ana awo, ndipo chaka chamawa akayamba sukulu mayi ake ali ndi mtima wokhazikika.

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Khalidwe la mwana wa zaka 3 mpaka 6 limawongoka msanga kusiyana ndi la mnyamata wa zaka 14. Komabe si vuto lililonse limene kholo lingathetse lokha. Mwana amene amakomoka, amene wafika zaka 3 osalankhula, amene amadzivulaza kwambiri, kapena amene sakusintha patapita miyezi 2 kapena 3 ya kuyesetsa, apite naye kuchipatala. Ndipo kholo limene likuwona kuti mkwiyo wake ungavulaze mwana, kapena likudziwa mwana amene akuzunzidwa, lingaimbe nambala 116 ya Linha Fala Criança, imene ndi yaulere m'dziko lathu lino.

Chitini chija chikadali pakhoma. Mayi wina wa tsidya la dambo anabwera kudzafunsa za timiyalato, ndipo anabwerera kwawo ndi pepala lokopera pamanja. Anapangana kuti azikumana kumjigo Loweruka lililonse kuti aziuzana chiwerengero cha sabatayo.