Mlandu wa Okonkwo

Kum'mawa cha kumwera kwa dziko la Nigeria kuli mtundu wa anthu wotchedwa Aigbo. Azungu a ku England atafika kumeneko anafunafuna mfumu yaikulu yoti apangane nayo, koma m'midzi yambiri sanaipeze, pakuti nkhani za mudzi zinali kumangidwa ndi akulu pa bwalo. Tsono alendowo anayesa kuti anthu opanda mfumu ndiwo anthu opanda malamulo. Anasankha amuna ena, nawapatsa kalata za ufumu kuti azilamulira anzao. Ufumu wa kalatawo unabala mabvuto, kufikira m'chaka cha 1929 akazi zikwizikwi a m'dera la Aba ndi Owerri anaukira mafumuwo poopa msonkho.

Maganizo omwewo analowanso m'mabuku. Chinua Achebe, amene anabadwira ku Ogidi m'chaka cha 1930, pophunzira ku Ibadan anawerenga buku la Joyce Cary lotchedwa Mister Johnson. M'menemo anapezamo munthu wa ku Nigeria wa nzeru zachibwana, wosafanana konse ndi anthu amene iye anawadziwa. M'chaka cha 1958 anatulutsa buku lake, Things Fall Apart.

Chimene ine ndichikonda m'bukumo nchakuti Achebe sakweza mau. Angotiitana kuti tikhale pansi timve milandu. Okonkwo ndi ngwazi ya ku Umuofia, mwini nkhokwe zambiri za zilazi, munthu woopedwa. Koma pa sabata la mtendere, anthu asanayambe kubzala, amenya mkazi wake wamng'ono. Tsiku lomwelo wansembe wa mulungu wa nthaka afika pa khomo, namgamula kuti alipe mbuzi yaikazi, nkhuku, nsalu ndi tizigoba 100, timene tinali ndalama zao. Ngwaziyo ilipa osawiringula. Patsogolo pake mfuti yake iphulika pa maliro, nipha mnyamata mwangozi. Lamulo liti achoke m'mudzi zaka 7, ndipo achokadi, napita kwao kwa amake. Taganizani, owerenga: panalibe msilikali kapena ndende, koma munthu wamphamvu koposa anagonja. Mlandu wina wa ukwati auweruza anthu 9 obvala zigoba kumaso, oimira mizimu ya makolo. Ife odziwa Gule Wamkulu sitingadabwe nazo zimenezo.

Komatu wolembayo sanakometse mtundu wake ndi bodza ai. Atiuza poyera kuti ana amapasa anali kutayidwa ku nkhalango. Atiuza za Ikemefuna, mwana woperekedwa ngati dipo, amene anakhala zaka 3 m'nyumba ya Okonkwo namutcha atate, koma anaphedwa ndi dzanja la Okonkwo yemweyo. Apa mtima umawawa ndithu. Pomwepo atiwonetsanso Obierika, bwenzi la Okonkwo, alikudzifunsa kuti mapasa ake analakwanji. Kwa ine, Obierika ndiye atsutsa Azungu aja koposa onse, chifukwa funso lake linabadwira m'mudzi momwemo, mlendo asanamphunzitse kufunsa.

Potsiriza Okonkwo apha mthenga wa boma, nadzimangirira pa mtengo. Bwana Disi, amene alikulemba buku la za mitundu ya kumeneko, aona mtembowo nayamba kuganiza kuti nkhani ya munthuyu ingadzaze mutu umodzi. Kenaka asintha maganizo: ndime imodzi ikwanira.