Mmene Ndinaphera Anthu a Pachilumba

Kuseri kwa msika wa pa boma la Chitipa kunali kanyumba ka zidina kamene tinkaonereramo kanema. Mazenera ake anali otseka ndi ziguduli kuti wosalipira asasuzumire, ndipo mkati munali mabenchi asanu ndi limodzi, wailesi yakanema imodzi ndi fungo la chimanga chootcha. Pakhomo tinkalipira K20. M'kanyumba kameneka, usiku wina wa mwezi wa Julayi mu 2010, ndinanena bodza pamaso pa anthu oposa 40, ndipo mmodzi mwa iwo anali malume anga.

Ndiyambe ndafotokoza mmene ndinapezekera kutsogolo kwa anthuwo. Kwathu ku Chitipa zilankhulo n'zambiri. Pa benchi limodzi pamatha kukhala Mlambya, Msukwa wa ku Misuku, Mndali, Mnyiha ndi Mtumbuka wa ku Nthalire, onsewo n'kumamvana bwinobwino. Chimene chinkatigonjetsa tonse ndi Chingerezi cha ku Amereka chija cholankhulira m'mphuno. Mafilimu a karate sankafuna womasulira poti chibakera chimadzinenera chokha. Koma chakumapeto kwa 2008 mwini kanyumbako anabwera kuchokera ku Tunduma ndi zimbale za sewero lotchedwa Lost, ndipo anthu atangoonera magawo awiri anayamba kung'ung'udza kuti ndalama zawo zikulowa m'madzi. Ine ndinali mu Fomu 2, Chingerezi ndinkakhoza m'kalasi, koma K20 ndinalibe. Tinapangana kuti ndizilowa ulere, malinga ndiziima pambali pa kanemayo n'kumamasulira m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka, ndipo nkhani ikafika pothina ndizithawira ku Chilambya.

Kwa amene sanalionere, seweroli linayamba kuonetsedwa ku Amereka pa kanema wa ABC pa 22 Sepitembala 2004 ndipo linatha pa 23 Meyi 2010, litakwanitsa magawo 121 m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ndege yochokera ku Sydney kupita ku Los Angeles ikugwa pachilumba chosadziwika, anthu 48 n'kupulumuka pagombe. Pachilumbapo pali chimbalangondo choyera cha kumayiko ozizira chikuyenda m'nkhalango yotentha, pali chiutsi chakuda chopha anthu, ndiponso pali chipinda cha pansi pa nthaka mmene munthu ayenera kulemba manambala 4, 8, 15, 16, 23 ndi 42 pa kompyuta pakatha mphindi 108 zilizonse. John Locke, amene anakwera ndegeyo ali wolumala miyendo, akudzuka pamchenga n'kuyamba kuyenda. Kutsogolo kwake chilumbacho chikusuntha, ndipo ena mwa anthuwo akupezeka abwerera m'mbuyo kukakhala m'zaka za m'ma 1970.

Zinthu zoterezi zinagawa kanyumba kathu pawiri. Gulu lina, lotsogozedwa ndi mkulu wina wokonza mawailesi pamsika, linkati zonsezi ndi sayansi, ndi mphamvu ya maginito ya pansi pa chilumbacho, ndipo tsiku lina adzazifotokoza chimodzichimodzi. Gulu lina linkangoseka n'kumati azungu nawonso ali ndi ufiti, kungoti ndege zawo n'zazikulu kuposa lichero. Mnyamata wina wonyamula anthu panjinga analemba manambala aja ndi penti kumbuyo kwa njinga yake. Tsiku limene chiutsi chija chinapha Mr. Eko, wansembe wa ku Nigeria, anthu anakwiya ngati wafa ndi m'bale wawo, ndipo mayi wina wogulitsa mandasi analumbira kuti sadzapondanso m'kanyumbamo. Mawa lake anali pa benchi loyamba.

Tsopano ndivomere chinthu chimene sindinkachivomera nthawi imeneyo. Zimene ndinkazimva bwino m'seweromo mwina sizinkapitirira theka. Jenereta inkalira kuseri kwa khoma, masipika anali ong'aluka, ndipo mawu olembedwa m'munsi mwa zimbale za ku Tunduma nthawi zina anali Chingerezi chopanda mutu ndi mchira. Koma womasulira sakhala chete. Ukangoti duu kwa kamphindi, anthu amayamba kukuwa kuti, "Iwe, akuti chiyani?" Choncho pamene sindinamve ndinkakwirira ndi zanga. Ndinkayang'ana nkhope ya wolankhulayo n'kumupatsa mawu omuyenera, ndipo kawirikawiri zinkayenda. Anthu akandifunsa za chimbalangondo kapena za manambala, ndinkayankha modzikhulupirira kuti adikire, zonse zidzayankhidwa kumapeto. Ndinalonjeza zimenezi kwa miyezi pafupifupi 20, ngati kuti sewerolo ndinalemba ndine.

Malume anga sanali munthu woonera kanema. Anali mkulu wa mpingo, ndipo m'maso mwawo tinyumba ta kanema tinali malo ophunzirirako fodya ndi mwano. Mwana wawo woyamba, msuweni wanga, anapita ku South Africa mu 2006. Ankaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo kawiri anatumiza mabulangete ndi ndalama za feteleza. Mu Meyi 2008 kunabuka zipolowe zothamangitsa anthu obwera, zimene zinayambira ku Alexandra mu mzinda wa Johannesburg n'kuphetsa anthu oposa 60. Amalawi ambiri anabwerako pa mabasi. Msuweni wanga sanabwere, sanaimbenso foni, ndipo palibe amene anabwera ndi uthenga wa maliro. Njinga yake inakhalabe yokolekedwa kudenga m'nyumba ya malume, ndipo ankaitsitsa apo ndi apo n'kuithira mafuta.

Tsiku lina tikudya, anandifunsa monyodola kuti kodi chimene chimandisunga kumsika mpaka usiku n'chiyani. Ndinawafotokozera za ndege ija. Ndinawauza kuti dziko lonse linauzidwa kuti anthuwo anafa, mpaka zinyenyeswa za ndege yabodza zinaonetsedwa zili pansi pa nyanja, abale awo n'kulira maliro, chonsecho eni akewo ali moyo pachilumba chimene palibe angachipeze. Ndinawauzanso kuti asanu ndi mmodzi mwa iwo anadzabwerera kwawo, anthu n'kugwira pakamwa. Malume anasiya kudya. Loweruka lotsatira ndinangoona akulowa m'kanyumba kaja atavala jekete lawo la kutchalitchi. Mwini malo, pochita manyazi, anakawatengera mpando kunyumba kwake n'kuwaikira kumbuyo kwenikweni. Kuyambira pamenepo sanaphonye gawo ndi limodzi lomwe. Sankalowa nawo m'mikangano ya sayansi ndi ufiti. Funso lawo linali limodzi, ndipo ankandifunsa tili m'njira kubwerera kunyumba: "Mphwanga, kodi otsalawo adzapita kwawo?"

Chimbale chomaliza chinachedwa. Chinafika Mpikisano wa Mpira wa Dziko Lonse wa ku South Africa utangotha pa 11 Julayi, ndipo chinali chojambulidwa kuchokera pa kanema wa ku Amereka, chizindikiro cha ABC chili pakona. Usiku wa gawo lomaliza kunali mphepo ija ya Chitipa yolowa mpaka m'mafupa, koma m'kanyumbamo tinali thukuta kamukamu. Ena anaima m'mbali mwa khoma, ena anakhala pansi.

Chakumapeto kwa gawolo, dokotala Jack Shephard akulowa m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, akutsegula bokosi la maliro la bambo ake n'kulipeza lopanda kanthu. Akutembenuka, bambo akewo aima pambuyo pake. Awiriwo akulankhulana motsitsa mawu. Pamenepo ndi pamene chimbale chinayamba kukakamira, nkhope zikuima, mawu akudukaduka. Ndinamva bwinobwino kuti Jack wazindikira kuti nayenso anafa. Zimene bambo ake anamuyankha zinandidutsa. Kenaka tinaona onse aja atasonkhana m'tchalitchi akukumbatirana, kuwala kukulowa pakhomo, Jack atagona m'nsungwi galu ali pambali pake, diso lake n'kutsekeka. Pomaliza penipeni, mayina a ochita sewero akudutsa, anaonetsa zidutswa za ndege zili mbwee pagombe popanda munthu ndi mmodzi yemwe.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndikanatha kunena kuti sindinamve. Ndikanatha kupempha kuti tipukute chimbalecho tibwereze. Koma ndinali nditakhala mwini nkhaniyi kwa nthawi yaitali, ndipo mawu oti "sindinamve" anandikanira pakhosi. Ndinati: "Onse anafa tsiku lomwe lija ndege inagwa. Zonse tinkaonerazi zinali za mizimu."

Munabuka phokoso ngati la pamsika wa kaunjika. Wokonza mawailesi uja anaimirira n'kunena kuti amubwezere ndalama zake zonse kuyambira 2008, ndipo anali atawerengera kale kuti ndi zingati. Ankafunsa kuti ngati anali mizimu, nanga kompyuta ija inali ya chiyani, nanga mwana uja Walt amene ankati ali ndi mphamvu zachilendo anathera kuti. A gulu la ufiti ankaomba m'manja kuti iwo ananena kale. Mayi wa mandasi ankalira, koma osati mokwiya. Iye ankati mapeto abwino ndi amenewo, poti anthu okondana akumana kutchalitchi, munthu ungafunenso chiyani. Mkanganowo unatuluka nawo panja, unagona, m'mawa unadzukira pamsika, ndipo unatha masabata. Wanjinga uja anapala manambala ake ndi mpeni.

Malume sananene kanthu. Anabweza mpando kwa mwini wake, anathokoza, tinauyamba wa kunyumba. Titadutsa pa chigayo anati, "Ndiye kuti amene ankalira maliro aja sanalakwe." Ndinayankha kuti ee. Chimanga chisanadzalidwe chaka chimenecho, anatsitsa njinga ija kudenga n'kuipereka kwa mwana wa mchemwali wawo. Sindikunena kuti munthu wamkulu ngati iwo anataya chiyembekezo chifukwa cha sewero la pa kanema. Zaka ziwiri za chete zinali zitawalemera kale. Komabe ndinaona tsiku limene njingayo inkatuluka pakhomo, ndipo sindinathe kudya.

Mu 2016, ndili ku Mzuzu, mnzanga wina anandibwereka laputopu mmene munali sewero lonselo, mawu ake omveka ndiponso olembedwa molondola. Ndinathamangira gawo lomaliza. Bambo a Jack amamuuza zosiyana kotheratu ndi zimene ndinanena ine. Amamutsimikizira kuti zonse zimene zinamuchitikira zinali zenizeni, kuti anzakewo ena anafa iye asanafe ndipo ena anafa patapita zaka zambiri iye atafa, ndi kuti tchalitchicho ndi malo amene anadzikonzera kuti adzapezanenso aliyense akamaliza moyo wake. Chilumba chinali chenicheni. Anthu anapulumukadi. Ndinabwereza kachigawoko katatu, manja akunjenjemera.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti cholakwa changachi sichinali changa ndekha. Mwa anthu oposa 13 miliyoni amene anaonera gawoli ku Amereka usiku umene linatuluka, ambiri ndithu anamva monga ndinamvera ine, chonsecho Chingerezi n'chawo ndipo panalibe jenereta yowasokosera. Zithunzi za zidutswa za ndege zija, zimene zinandilimbitsa mtima kuti ndinene bodza langa, sanaikemo ndi olemba sewero, Damon Lindelof ndi Carlton Cuse. Anaziika ndi a ABC, ndipo anachita kufotokoza poyera kuti sizinali mbali ya nkhaniyo. Olembawo anakhala zaka akutukwanidwa ndiponso akubwereza kuti anthu aja sanafe pangoziyo. Kumeneko nakonso okonda seweroli anagawikana monga tinagawikirana ife: ena ankafuna mayankho, ena anakhutira ndi kukumbatirana kwa m'tchalitchi. Ine ndimaona kuti wokonza mawailesi uja anali ndi mfundo. Munthu ukamagulitsa mafunso kwa zaka zisanu ndi chimodzi, usadabwe ogula akabwera kudzafuna mayankho, ndipo nkhani ya Walt anaisiyadi m'malere mpaka anachita kuiwonjezera m'kagawo kakafupi ka pa zimbale zogulitsa. Koma kudziwa kuti Amereka nawo anasokonezeka sikunandipepuze. Iwo anasokonezeka aliyense payekha, m'nyumba mwake. Ine ndinaima kutsogolo kwa anthu amene anandikhulupirira kuti ndikhale makutu awo.

Pa Khirisimasi ya chaka chomwecho ndinapita kumudzi. Msewu wochokera ku Karonga unali utaikidwa phula, ndipo ulendo umene kale unkadya tsiku unangotenga maola ochepa. Kanyumba kaja ndinakapeza kakugulitsidwamo simenti. Malume ndinawapeza pakhonde akukhomera khasu mumpini, tsitsi lonse litayera. Titalonjerana ndinakhala pansi n'kuwauza kuti ndabwera ndi mlandu wanga. Poyamba sanakumbuke sewero limene ndinkanena. Nditatchula ndege ndi chilumba anaika khasu pansi.

Ndinafotokoza zonse, kuti sindinamve, kuti ndinachita manyazi kuvomera, kuti anthu aja sanafe pangozi. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye ija inanyamuka kumapeto ija, imene dokotala anaiona ali gone m'nsungwi, inali ndege yeniyeni?"

"Yeniyeni, malume. Munali anthu asanu ndi mmodzi."

"Amoyo?"

"Amoyo."

Anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana kumsewu. Nkhuku inadutsa pakati pathu ndi anapiye ake.

"Anaonetsa ikutera?"

"Ayi, malume. Anangoonetsa ikuuluka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, anatola khasu lija n'kuliyang'anitsitsa ngati laphiphika. Kenaka anaitana azakhali kuti andiphikire tiyi, n'kundifunsa ngati ku Mzuzu kuli anthu amene amapita ku Johannesburg kawirikawiri, oti munthu angawapatsire chithunzi.