Kutentha kwa graphics card: za ku Johannesburg si za ku Salima

Amalawi ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg amatumiza kumudzi makompyuta osewerera magemu, koma makina amene ankayenda bwino ku Joni akafika ku Salima boma kapena ku Senga Bay amayamba kudukiza zithunzi, mafani ake n'kumalira mosalekeza chilimwe chikangolowa. Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi graphics card, chomwe ndi chipangizo chojambula zithunzi zonse zooneka pa sikirini, chifukwa magetsi onse amene chimadya, omwe pa RTX 3080 ya NVIDIA amafika mawati 320, amasanduka kutentha koyenera kutulutsidwa kunja. Makhadi ambiri a NVIDIA akafika madigiri 83 amachepetsa okha liwiro lawo kuti asapse, ndipo apa m'pamene wosewera amaona gemu ikutsimphina.

Fani silenga kuzizira ayi, imangokankha mpweya wa m'chipinda kudutsa m'tizitsulo topyapyala totchedwa heatsink, kotero kuti chipinda chikatentha ndi digiri imodzi, khadi nalo limakwera pafupifupi ndi digiri imodzi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo ngakhale mu Januwale masana ambiri amathera cha pa madigiri 26, pamene Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 ndipo m'mbali mwake mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 30, osanenanso za nyumba yamalata yopanda siling'i imene imasunga moto wa dzuwa mpaka usiku. N'zoona kuti mpweya wa ku Joni ndi wopepuka chifukwa cha kukwera kwa malowo, ndiye sunyamula kutentha kochuluka ngati wa kunyanja, koma phindu laling'ono la mpweya wa kunyanjali limamezedwa ndi kutentha kwa Salima.

Kunyanja kulinso adani amene malangizo a pa intaneti sawatchula. Mphepo ya mwera, yomwe imawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, imalowetsa fumbi ndi mchenga m'nyumba, nkhungu zochokera panyanja zikatera kumtunda zimathamangira kuwala ndipo mafani amazikokera mkati, kenako chinyontho cha dzinja chimasandutsa zonsezi kukhala chikanga chomata pa heatsink. Chizolowezi cha kumudzi chotsegula m'mbali mwa kompyuta ndi kulozetsako fani ya m'nyumba chimatsitsadi kutentha tsikulo, koma chimaitana fumbi, nyerere ndi mphemvu. Chanzeru n'kuchotsa kompyuta pansi n'kuikweza patebulo kutali ndi zenera, kuika sefa polowera mpweya, ndi kuipemerera ndi bulowa pafupipafupi makina atazimitsidwa, mapiko a fani atagwiridwa ndi chala kuti asazungulire mopyola muyeso.

Ku South Africa, kumene sitolo imabweretsa katundu pakhomo, wosewera amathetsa vutoli ndi ndalama: amagula bokosi lalikulu, amaonjezera mafani, kapena amaika choziziritsa cha madzi. Njira yomalizayi siyenera Salima, popeza madziwo nawonso amaziziritsidwa ndi mpweya womwewo wa m'chipinda, ndipo pampu ikafa pamafunika ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, popanda chitsimikizo choti ikapezeka. Njira yoyenera kwathu ndi yaulere, yomwe ndi kuchepetsa chakudya cha khadilo. Pulogalamu ya MSI Afterburner imalola munthu kuona madigiri, kuuza mafani kuti ayambe msanga, ndi kutsitsa malire a magetsi kufika pa 75 kapena 80 peresenti, zimene zimachotsa kutentha kochuluka pamene liwiro limatsika pang'ono chabe. Ngati sikirini imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, palibe chifukwa cholola khadi kujambula 150, ndipo malire amenewa amaikidwa m'gemu momwemo. Khadi lakale limafunanso thermal paste watsopano, amene ndi phala loikidwa pakati pa chipu ndi heatsink kuti kutentha kudutse bwino, pakuti likauma ngakhale mafani abwino sathandiza.

Kuchepetsa mawati kumagwirizananso ndi nkhani ya magetsi, imene maiko awiriwa amaidziwa bwino. South Africa idakhala mumdima wa load shedding kwambiri mu 2023, ndipo Malawi idataya mamegawati pafupifupi 130 pamene namondwe Ana adaononga Kapichira mu Januwale 2022, patangopita miyezi yochepa chitsegulire malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, m'boma lomweli la Salima. Amene amadalira batire ndi invetha amasewera nthawi yotalikirapo khadi likamadya pang'ono.

Aliyense wotumiza kompyuta kunyanja aikiretu malire a magetsi ndi a zithunzi aja asanaipakire, aphatikizepo thermal paste ndi mafani apadera, ndipo auze woilandira kuti madigiri akapyola 80 ayambe wayang'ana fumbi asanaganize zoti makinawo afa.