Ku Jackson mpira umatha, malipenga osaleka

Mzinda wa Jackson, likulu la chigawo cha Mississippi m'dziko la America, si malo amene alendo amathamangirako. Uli ndi anthu pafupifupi 150,000, ndipo mwa anthu 10 alionse, 8 ndi akuda. Misewu yake ina ili ndi maenje oti munthu wochokera kwathu kuno sangadabwe nawo. Koma kuyambira Sepitembala, Loweruka lililonse limene timu ya sukulu yaukachenjede ya Jackson State ikusewera pakhomo, mzindawu umasanduka wina.

Ndinakafikako mu Okutobala 2022, nthawi imene ndinkagwira ntchito ku Memphis. Mnzanga wa kuntchito, amene anaphunzira pa sukuluyi, ndiye ananditenga. Ndi ulendo wa maola atatu pa galimoto kulowera kummwera, ndipo tinakafikira kwa mayi ake, mphunzitsi wopuma pantchito.

Jackson State ndi imodzi mwa sukulu pafupifupi 100 zimene zinakhazikitsidwira anthu akuda, zambiri ukapolo utatha mu 1865, pamene sukulu za azungu zinkawatsekera pakhomo. Ife sukulu zotere si zachilendo: John Chilembwe anaphunzira pa ina ku Lynchburg, ndipo Kamuzu anamaliza za udokotala pa Meharry ku Nashville mu 1937. Ya ku Jackson inayamba mu 1877 ku Natchez ngati sukulu ya mpingo wa Baptist yophunzitsa aphunzitsi ndi alaliki, n'kusamukira ku Jackson mu 1882.

Tisanakambe za mpira, mayi aja ananena kuti ndiyambe ndaona sukuluyo. Anandiimika patsogolo pa Alexander Hall, nyumba yogonamo ophunzira, n'kundilozera zipsera za zipolopolo pakhoma. Usiku wolowera pa 15 Meyi 1970, apolisi anawombera ophunzira pamalopo. Phillip Gibbs ndi James Earl Green anafa, ena 12 anavulala, ndipo palibe anamangidwa. Tinaima pamenepo kanthawi, ophunzira akudutsa ndi mabuku awo, kenako tinabwerera kugalimoto.

Mpira wake si uwu wathu. Ndi wosongoka uku ndi uku, amaunyamula m'manja ndi kuponyerana, ndipo osewera amavala zisoti ngati za njinga yamoto. Mbali iliyonse kumakhala 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti iyende mamita 9. Ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Nthawi yosewera ndi mphindi 60 basi, koma amaimaima kwambiri moti masewero amatenga maola atatu. Kwa munthu wozolowera Bullets ndi Wanderers, kuimaimako kumatopetsa.

Chaka chimenecho chinayamba moipa. Kumapeto kwa Ogasiti mtsinje wa Pearl unasefukira, malo aakulu oyeretsera madzi, amene anali okalamba kale, n'kulephereratu. Mipopi inauma mumzinda wonse. Anthu ankafola kulandira madzi a m'mabotolo, ena alibe ngakhale othira kuchimbudzi, m'dziko lolemera chotere. Osewera anawasamutsira kuhotela. Patangotha masiku ochepa, pa 4 Sepitembala, anapita ku Miami n'kukathambitsa Florida A&M 59-3. Pamene ine ndinkafika boma linali litalengeza kale kuti madzi ali bwino, koma m'khitchini mwa mayi aja mabotolo anali mulu kufika pazenera.

"Mwanangu, a kumpopiwo sambani, koma akumwa tengani apa," anatero.

Timuyi inali m'manja mwa Deion Sanders, katswiri wakale amene anatengapo chikho cha Super Bowl kawiri. Anabwera mu 2020, ndipo makamera anabwera naye. Mwana wake Shedeur ndiye ankaponya mpira. Mu Disembala 2021 anakopa Travis Hunter, mnyamata amene ankamuyesa woposa onse otuluka kusekondale chaka chimenecho, kuti asiye Florida State abwere ku Jackson. Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, kale anyamata akuda aluso analibe kwina kopita koma sukulu ngati iyi. Walter Payton, Lem Barney, Jackie Slater ndi Robert Brazile, onse mayina akuluakulu pa mpirawu, anatulukira pa Jackson State. Tsankho la m'sukulu litatha, sukulu zolemera za azungu zinayamba kutenga anyamata abwino onse, zosaukazi n'kutsala ndi otsala. Hunter anayenda njira yobwerera.

Masewero amene ndinaonera anali a pa 29 Okutobala, pakati pa Jackson State ndi Southern ya ku Baton Rouge. Bwalo lake, Mississippi Veterans Memorial Stadium, limalowa anthu pafupifupi 60,000, kuposa la Bingu ku Lilongwe. Koma chisangalalo chimayambira panja, m'mawa. Mabanja amakhoma matenti poimika magalimoto, mbaula zikufuka, akuwotcha nthiti za nkhumba ndi kukazinga mlamba woviika mu ufa wa chimanga. Masamba awo amafanana ndi repu, koma amawaphika mpaka kufeweratu. Sufunika kudziwa munthu kuti udye. Bambo wina atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa kwathu, ndipo ndisanamalize kufotokoza kumene Malawi ali, mbale inali kale m'manja mwanga.

Jackson State inapambana 35-0, ndipo za m'bwalomo n'zomwezo. Chimene chinandigwira mtima ndi mabandi. La Jackson State limatchedwa Sonic Boom of the South, la Southern ndi Human Jukebox, lililonse anthu mazanamazana a malipenga ndi ng'oma. Pa nthawi yopumulira, pamene kwathu timathamangira kukagula chimanga chowotcha, kuno palibe amachoka pampando. Atsogoleri a bandi asanu amalowa atavala zipewa zazitali, akukweza mawondo mpaka pachifuwa, n'kupindikira chagada mpaka chipewa kugunda pansi. Pambuyo pawo pamabwera atsikana ovina, a J-Settes: mmodzi amayambitsa sitepe, enawo n'kuilandira motsatana. Amene anaonapo malipenga ku Nkhata Bay angazindikire fungo lake, perete wa asilikali amene anthu anamulanda n'kumusandutsa gule.

Wosewera atapita kosambira, mabandi aja anatsala, lina mbali iyi lina mbali iyo, akuyankhana nyimbo ndi nyimbo. Amati chigawo chachisanu, popeza mpirawo uli ndi zigawo zinayi. Kulibe woimbira, kulibe chikho, koma anthu zikwizikwi anakhalabe, ndipo mkangano wa m'galimoto pobwerera unali wa bandi limene laposa linzake. Za 35-0 palibe anazitchula. Achinyamata ambiri a m'mabandiwa amalipiriridwa sukulu chifukwa cha lipengalo, choncho kwa iwo si masewera.

Timu inapitiriza osagonja. Pa 3 Disembala inaswanso Southern 43-24 n'kutenga chikho cha ligi yawo ya SWAC, masewero 12 onse itapambana. Usiku womwewo zinamveka kuti Sanders akupita ku Colorado, sukulu yolemera. Ku Jackson ankalandira madola pafupifupi 300,000 pachaka. Kumeneko anamupatsa oposa 5 miliyoni. Pa 17 Disembala ku Atlanta, pa Celebration Bowl, ndime yotsiriza ya sukulu za anthu akuda, Jackson State inagonja kwa North Carolina Central 41-34 m'nthawi yowonjezera. Shedeur, Hunter ndi anyamata ena anamutsatira mphunzitsi wawo.

Mnzanga uja anakwiya kwa masabata. Ankati munthu amene ankanena kuti Mulungu ndiye anamutuma ku Jackson sakanayenera kuchoka patangotha zaka zitatu. Ine, amene ndinasiya kwathu kutsatira malipiro, ndinalibe pakamwa pomuweruzira Sanders. Chimene sindinagwirizane nacho ndi nkhani ya pa wailesi zakanema, yoti iyeyo ndiye anaika Jackson State pamapu. N'zoona kuti mu 2021 anthu olowa m'bwalo anaposa 42,000 pa masewero alionse a pakhomo tikawerengera pakatikati, koma timuyi inkatsogola kale pa kuchuluka kwa oonerera pakati pa sukulu za msinkhu wake zaka zambiri iye asanabwere.

Nditawaimbira foni mayi aja kuwapepesa, anaseka. "Mwanangu, ine mpando wanga uja ndinayamba kukhalapo Payton akuthamanga. Aphunzitsi ndawaona angati? Kodi lipenga watenganso?"

Mmalo mwa Sanders anaikapo T.C. Taylor, mwana wa ku Mississippi komweko amene anasewerapo timuyi ali wophunzira. Makamera ambiri anatsatira Sanders ku Colorado, kumene Hunter anakasankhidwa kukhala wosewera woposa onse m'sukulu zaukachenjede mu 2024. Mu Disembala wa chaka chomwecho, Taylor anapita ndi anyamata ake ku Atlanta n'kugonjetsa South Carolina State 28-7, kutenga Celebration Bowl, chikho chimene Sanders anachilephera kawiri.